Timasupuni Tiwiri ta Mafuta

Mu 1996, Roger Gebhard ndi anzake a ku Minneapolis, m'dziko la America, anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene munali anthu 13 okha. Onsewo anali onenepa kwambiri, onse ankafuna kuchepetsa thupi, ndipo poyamba panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mwala m'thumba la ndulu. Anawagawa pawiri mochita maere. Anthu 6 anawaika pa chakudya chakumwa chopatsa makalori 520 patsiku, mafuta ake osakwana magalamu 2. Enawo, anthu 7, ankalandira makalori 900, ndipo m'menemo munali mafuta okwana magalamu 30. Magulu onse awiri anaonda mofanana, kuposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo asanu a sikelo imene anayamba nayo. Koma atawaunikanso pamimba, 4 mwa osadya mafuta aja anapezeka ndi miyala. Mwa odya mafuta sanapezeke ndi mmodzi yemwe.

Munthu atha kumva zimenezi n'kungoti basi, ndiye kuti mafuta pang'ono ndi abwino. Kutero n'kudumpha pamene pagona luso. Magalamu 30 aja sanawamwaze mofanana pa zakudya zonse za tsikulo. Anapatulapo magalamu 10 n'kuwaunjika pa chakudya chimodzi, kuti akafike m'matumbo nthawi imodzi. Magalamu 10 ndi timasupuni tiwiri ta tiyi ta mafuta ophikira, ndipo chiwerengerochi sanachilote, anachita kuchipima zaka zinayi m'mbuyomo. Olangiza za zakudya ambiri amatha mawu awiri okha, akuti idyani ndi akuti musadye. Anthu a ku Minneapolis awa anafunsa mafunso a mmisiri: zochuluka bwanji, pa nthawi yanji, kangati patsiku, ndiponso kwa wodwala uti. N'chifukwa chake kakafukufuku kakang'onoka ndimakalemekeza kuposa mabuku ambiri onenepa olonjeza kutsuka chiwindi.

Amene anatumbulapo nkhuku amakadziwa kathumba kobiriwira komata kuchiwindi, kamene timakadula mosamala kuopa kuti kangaphulike n'kuwawitsa nyama yonse. Ka munthu kamakhala pansi pa nthiti za kumanja ndipo kamalowa mamililita 30 mpaka 50 basi. Ndulu yeniyeniyo imapangidwa ndi chiwindi, usana ndi usiku, theka la lita kapena kuposerapo patsiku, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuswa mafuta kuti akhale timadontho timene matumbo angathe kuyamwa. Popeza munthu sadya usana ndi usiku, ndulu imafuna podikira. Thumbali limailandira, n'kumaichotsa madzi mpaka ikhathamire kasanu kapena kakhumi, kenako n'kuitsanulira m'matumbo chakudya chikafika.

Vuto lili pa katundu amene ndulu imasenza. Njira yaikulu imene thupi limatayira cholesterol ndi m'ndulu momwemo, koma cholesterol sasungunuka m'madzi. Amayenda atakulungidwa ndi zinthu ziwiri, mchere wa m'ndulu ndi mafuta ena otchedwa lecithin. Mu 1968 William Admirand ndi Donald Small a ku Boston anajambula chithunzi cha ngodya zitatu, ngodya iliyonse kuimira chimodzi mwa zinthu zitatuzi, n'kumaikapo kadontho ka ndulu ya munthu aliyense amene anamupima. Madontho a anthu opanda miyala anaunjikana mbali imodzi ya mzere, a anthu a miyala mbali inayo. Cholesterol akachuluka kuposa mmene omunyamula angathere, amayamba kugwa ngati timakristalo. Timakristaloto tikapeza mamina a m'thumbamo timakodwa, ndipo tikapatsidwa nthawi timagwirana n'kukhala mwala. Choncho pamafunika zinthu ziwiri kuti mwala ubadwe: ndulu yolemedwa, ndi thumba losakhuthula.

Munthu woonda mwachangu amakhala nazo zonse ziwiri. Mafuta a m'thupi akamasungunuka, cholesterol amene anasungidwamo amathamangira kuchiwindi n'kukathera m'ndulu. Pa nthawi yomweyo mwiniwake wasiya mafuta, thumba langokhala duu. Rodger Liddle ndi anzake anali atasonyeza kale mu 1989 kuti mwa anthu 51 amene anakhala masabata 8 pa chakudya cha makalori pafupifupi 500, munthu mmodzi mwa anayi alionse anapanga miyala. Masabata 8 okha, pamene ambiri ankaganiza kuti mwala umatenga zaka.

Zoti mafuta ndiwo amadzutsa thumba zinadziwika kalekale. M'zaka za m'ma 1920 Edward Boyden, katswiri wa kapangidwe ka thupi, anaona kuti mphaka akadya kachikasu ka m'dzira ndi kirimu, thumba lake la ndulu limafinyika mpaka kutsala pang'ono kuuma. Evarts Graham ndi Warren Cole a ku St Louis atapeza mu 1924 mankhwala oonetsa thumbali pa X-ray, zinatheka kuonera kufinyikako mwa munthu wamoyo, ndipo chakudya cha mazira choyesera thumba chinatenga dzina la Boyden. Mu 1928 Andrew Ivy ndi Eric Oldberg, poyesa pa agalu ku Chicago, anapeza mthenga wake: mafuta akafika koyambirira kwa matumbo aang'ono, khungu la m'katimo limatulutsa homoni yotchedwa cholecystokinin, imene imayenda m'magazi kukauza thumba kuti lifinye ndi kukatsegula kakhomo ka kumapeto kwa njira ya ndulu. Zonsezi zinali m'mabuku. Chimene chinatsala, chimenenso wophika aliyense akanafunsa msanga, chinali muyezo.

Kapimidwe kake n'kosavuta kufotokoza, koma kamafuna mtima woleza. Munthu amabwera m'mawa asanalawe kanthu, thumba lili chidzalire. Wounika amapaka zoterera pansi pa nthiti, n'kumasuntha kachipangizo ka sikani pang'onopang'ono, akumuuza kuti akoke mpweya n'kuugwira, mpaka thumbalo lionekere pa galasi lili bii. Amayeza utali wake, mulifupi ndi kuya kwake, n'kuwerengera zimene zili m'katimo. Kenako munthu uja amamwa chakudya choyesera, ndipo amamuyezanso mobwerezabwereza kwa ola lathunthu kapena kuposa. Tsiku lina abwerenso, amwe china cha mafuta ochulukirapo. Gulu la ku Minneapolis linachita zimenezi kwa onenepa ndi osanenepa omwe, n'kusindikiza mu 1992. Chakudya chopanda mafuta chinkangolitekenya thumbalo, linkataya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Magalamu 10 ankalikhuthula pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo kuwirikiza mafutawo sikunawonjezerepo kanthu kooneka. Apa ndiye anapeza pogwira. Kuchepera pamenepo thumba ligona, kupitirira pamenepo ungowonjezera makalori kwa munthu amene akufuna kuonda.

Pali kanthu kena m'kafukufuku wa 1996 kamene kamandisangalatsa kuposa kuwerenga miyala. Sanangodikira kuti aone amene adwale. Ankatenganso ndulu ya anthuwo n'kumaipima kulemedwa kwake ndi cholesterol, ndipo anapeza kuti inakwera m'magulu onse awiri pamene ankaonda. Odya mafuta aja ndulu yawo sinali yabwino kuposa ya anzawo. Inali yoti n'kubala mwala, kungoti sinkapatsidwa mpata wogona. Popanda kupima kumeneku wina akanati mafutawo anakonza ndulu, ndipo tikanaphunzira phunziro lolakwika. Chimene chinawapulumutsa ndi kukhuthula kwa tsiku ndi tsiku, timakristalo tikungoyamba kumene.

Wotsutsa ali nazo zonena, ndipo n'zomveka. Anthu 13 ndi ochepa, komanso zakudya ziwirizo zinasiyana pawiri, pa mafuta ndi pa makalori, ndiye ungadziwe bwanji chimene chinagwira ntchito? Davide Festi ndi anzake ku Italy anatseka mpata umenewu mu 1998. Makalori anawayandikizitsa, 535 ndi 577, koma mafuta n'kuwasiyanitsa, magalamu 3 ndi magalamu 12 patsiku. Mwa anthu 11 a mafuta ochepa, 6 anapanga miyala. Mwa 11 enawo panalibe. Mu 2014 Caroline Stokes ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa mtunduwu n'kupeza kuti chakudya chokhalako ndi mafuta chimachepetsadi miyala mwa oonda. Sikuti chimatsekeratu khomo, poti ena amapangabe miyala akudya mafuta okwanira, koma chiopsezo chimatsika ndithu.

Pamene chakudya chimachiritsa zenizeni, osati kungoteteza, ndi pa matope a m'ndulu. Matopewa ndi timakristalo ta cholesterol, timchenga ta calcium wogwirana ndi bilirubin, ndi mamina, zonse zisanagwirane kukhala mwala. Pa sikani mwala umawala n'kuponya mthunzi wakuda kumbuyo kwake. Matope saponya mthunzi. Amangoyala pansi pa thumba motuwa, ndipo wodwala akatembenukira kumanzere nawonso amasendera pang'onopang'ono n'kukayalanso kwina, monga zimachitira nsenga za thobwa limene lakhala m'chidebe osatakasidwa. Wounika waluso amadikira dala kusendako asanalembe kanthu, chifukwa chotupa cha pakhoma la thumba sichisuntha.

Umboni womveka bwino unachokera ku Paris mu 1983. Bernard Messing ndi anzake ankasamalira odwala amene matumbo awo sankatha kulandira chakudya, moti zonse zinkalowera m'mitsempha. Anthu otere sasowa chilichonse m'magazi, koma m'matumbo simudutsa kanthu, ndiye homoni ija siituluka. Powaunika sabata ndi sabata anaona matope akubwera: ochepa okha m'masabata atatu oyamba, theka la odwala pakati pa sabata lachinayi ndi lachisanu ndi chimodzi, ndipo kupitirira masabata 6 aliyense anali nawo. Ena anafika popanga miyala. Koma amene anayambanso kudya ndi pakamwa, matope anatha okha m'masabata owerengeka. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene madokotala amalimbikira kuti wodwala wa drip alandireko kena kake kudzera m'matumbo msanga pamene kuli kotheka.

Si matope onse amene amamvera mbale. Mankhwala a ceftriaxone, amene amabayidwa kwambiri m'zipatala zathu, amatuluka m'thupi kudzeranso m'ndulu, ndipo kumeneko amatha kugwirana ndi calcium n'kuoneka ngati matope kapena miyala, makamaka mwa ana. Amatha okha jakisoni akatha. Mayi woyembekezera nayenso amapanga matope mosavuta, chifukwa mahomoni a pakati amalefula thumba ndi kuchulukitsa cholesterol m'ndulu, koma mwa ambiri amachoka akachira. Kumuika mayi wotere pa chakudya chokhwima n'kumulanda zimene mwana akufuna popanda phindu. Mlangizi wodziwa ntchito amayamba wafunsa kumene matopewo achokera, ndipo nthawi zina malangizo ake amangokhala akuti pitirizani kudya bwino, tidzaunikenso pakapita miyezi.

Mwala ukangokhazikika, nkhani imatembenuka. Kufinya komwe kuja kumene kumateteza thumba loyera ndi kumene kumakankhira mwala pakhosi pa thumba. Likafinya pakhomo pali potseka, ululu wake ndi wosaiwalika: pamwamba pa mimba kapena pansi pa nthiti za kumanja, wosalekeza, wobaya mpaka kumsana kapena paphewa, wotenga theka la ola kapena maola angapo, kawirikawiri usiku munthu atadya zonona. Ambiri amayamba kuuyesa zilonda za m'mimba n'kumamwa mankhwala a asidi miyezi yambiri. Komanso tisaiwale kuti mwa anthu 10 okhala ndi miyala, pafupifupi 8 sadzamva kanthu, ndipo miyala yachete imeneyi nthawi zambiri imangosiyidwa.

Kwa amene wayamba kumva ululu, malangizo akale ndi akuti siyani mafuta. Bungwe la Cochrane litasanthula nkhaniyi mu 2024 linapeza kuti kafukufuku woyesa malangizowa ndi wochepa ndi wofooka kwambiri moti sangatsimikizire phindu lake. Apa katswiri wa zakudya amayenda pakati pa maenje awiri. Akalola mafuta ambiri nthawi imodzi, aputa ululu. Akawaletseratu, wodwala amaonda mwachangu chifukwa cha mantha, thumba limagona, ndipo pa miyala imene inalipo pamawonjezekera ina ndi matope. Ndiye amachita zosiyana ndi za ku Minneapolis: m'malo mounjika, amamwaza. Zakudya zing'onozing'ono zinayi kapena zisanu patsiku, chilichonse chili ndi mafuta pang'ono, palibe chodzaza. Amamuuza wodwala kuti azilemba zimene wadya ndi nthawi imene ululu wabwera, chifukwa chimene chimaputa uyu si chimene chimaputa uyo, ndipo n'kulakwa kumulanda munthu mazira pamene mdani wake ndi chipisi cha pachiwaya. Cholinga sichikhala kusungunula mwala. N'chakuti munthu akafike tsiku la opaleshoni ali ndi mphamvu, asanagonekedwe kawiri katatu.

Kusungunula kumene kuja n'kumene amalonjeza otsuka ndulu, ndipo njira yawo yazungulira dziko lonse: kumwa mafuta a olivi ndi madzi a mandimu usiku, m'mawa n'kuona miyala yobiriwira m'chimbudzi. Mu 2005 Christiaan Sies ndi Jim Brooker a ku New Zealand analemba m'magazini ya The Lancet za mayi wa zaka 40 amene anatsata njirayi. Tsiku lonse anamwa madzi a maapozi ndi a masamba, madzulo n'kumwa mamililita 600 a mafuta a olivi ndi 300 a madzi a mandimu. M'mawa anatulutsadi timibulu tobiriwira tambirimbiri. Anatitola, n'kutisunga mufiriji, n'kupita nato kuchipatala.

Awiriwa sanamuseke mayiyo kapena kumutsutsa ndi pakamwa. Anatenga timibuluto n'kutiika pa galasi loonera zinthu zing'onozing'ono, ndipo sanaonemo makristalo. Anatitenthetsa pa madigiri 40, kutentha kongoposa pang'ono kwa thupi la munthu, ndipo pa mphindi 10 tinasanduka madzi amafuta obiriwira. Cholesterol weniweni sasungunuka mpaka madigiri oposa 140. Atapima sanapezemo cholesterol, bilirubin kapena calcium, koma zotsalira za mafuta. Kenako anachita chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi wongotsutsa: anapanga okha timibulu totero. Anasakaniza asidi wamkulu wa m'mafuta a olivi ndi madzi a mandimu, n'kuthirako potassium hydroxide pang'ono, ndipo timibulu tinatuluka. Anali sopo, wopangidwira m'matumbo usiku womwewo. Miyala yeniyeni ya mayiyo inali chikhalire, ndipo inadzachotsedwa pa opaleshoni. Choopsa n'chakuti kumwa mafuta oposa theka la lita ndi kulamula thumba la miyala kuti lifinye ndi mphamvu zake zonse. Kamwala kakang'ono kakathawira m'njira yaikulu ya ndulu kamatha kutseka, maso n'kuchita chikasu, kapena kutupitsa kapamba, amene ndi matenda otha kupha.

Chifukwa chimene chakudya chimalepherera kusungunula mwala chinaoneka bwino ku Bristol, m'dziko la England, mu 1983. J. R. Thornton, Ken Heaton ndi katswiri wa zakudya Pauline Emmett anatenga anthu okhala kale ndi miyala n'kuwadyetsa mitundu iwiri ya chakudya, uliwonse masabata 6. Wina unali wa shuga ndi ufa woyeretsedwa, wina wa mbewu zosakonola, zipatso ndi masamba. Munthu yemweyo ankadya mitundu yonse iwiri motsatizana, kuti aliyense adziyerekeze ndi iye mwini. Pa muyezo wa kulemedwa kwa ndulu, pamene 1 ndi malire, chakudya choyeretsedwa chinapereka 1.50, chosakonola 1.20. Kutsika kumeneku n'kwenikweni, ndipo n'kokwanira kuchedwetsa kukula kwa miyala. Koma 1.20 adakali pamwamba pa 1. Kuti mwala uyambe kusungunuka, ndulu iyenera kutsika pansi pa malirewo kuti ikhale ndi malo otengera cholesterol wa pamwalapo, ndipo mbale yokha sinafikitse pamenepo.

Mankhwala amafikako. Ku Mayo Clinic mu 1972 anasonyeza kuti asidi wina wa m'ndulu, akamwedwa tsiku ndi tsiku, amasungunula miyala ya cholesterol, ndipo lero amagwiritsa ntchito mbale wake wofatsa, ursodeoxycholic acid. Koma amangothandiza pa miyala ing'onoing'ono yopanda calcium, m'thumba limene likufinyabe, kwa miyezi yambiri kapena zaka ziwiri, ndipo pafupifupi theka la ochira miyala imabwerera pasanathe zaka zisanu. Kumene amagwira bwino kwambiri ndi kuteteza anthu oonda mwachangu, monga amene achitidwa opaleshoni yochepetsa chifu.

Muyezo wa ku Minneapolis ukalowa m'khitchini mwathu umapeza zambiri zili kale m'malo. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta, choncho magalamu 20 a nsinjiro, amene ndi masupuni aakulu awiri odzaza bwino, amapereka magalamu 10 aja. Mazira awiri owiritsa nawonso amafika pamenepo, poti kachikasu kalikonse kali ndi magalamu ngati 5. Chenjezo ndi lakuti muyezowu ndi wa mbale ya munthu mmodzi, osati wa mphika. Masupuni awiri a nsinjiro othiridwa mu nkhwani wa banja la anthu asanu ndi mmodzi safika pa aliyense. Taonani wophika amene wamvetsa zimenezi, akuphikira mayi wa zaka za m'ma 40 amene dokotala wamuuza kuti atsitse thupi chifukwa cha shuga. Mafuta a m'botolo sawathiranso ndi maso, amayeza ndi kasupuni. Nkhwani akafewa amapatula gawo la mayiyo m'kapoto kena, n'kusungunula nsinjiro zake m'madzi pang'ono kuti zisachite mibulu, n'kutendera pamoto wochepa mpaka fungo la uwisi lithe. Nsima ndi ya mgaiwa, chipande chimodzi m'malo mwa ziwiri. Nyemba kapena nandolo zili pambali. Mbale imeneyi ndi yochepetsa thupi, koma thumba la ndulu lalandira uthenga wake wa tsikulo.

Mtedza uli ndi umboni wakenso. Kafukufuku wa Nurses' Health Study, amene anatsata anamwino oposa 80,000 ku America kwa zaka 20, anapeza mu 2004 kuti amene ankadya mtedza kasanu kapena kuposa pa sabata, magalamu ngati 28 nthawi iliyonse, mwayi woti achotsedwe thumba la ndulu unali wotsika ndi gawo limodzi mwa anayi poyerekeza ndi osadya. Kafukufuku wongotsata anthu chonchi satsimikiza kuti mtedzawo ndiwo unachita, poti okonda mtedza amasiyana ndi anzawo pa zambiri, koma akugwirizana ndi zimene tikudziwa za thumba. Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, ankanena kawirikawiri kuti miyala ya m'ndulu inali yosowa m'midzi ya mu Africa pamene ku Ulaya inali ponseponse, ndipo ankaloza chakudya chosakonola. M'matauni mwathu lero ufa woyera, shuga wa mu tiyi, zakumwa za m'mabotolo, mandasi ndi kukhala pampando tsiku lonse zikutiyandikizitsa ku mbale yoyamba ija ya ku Bristol. Zimandidabwitsa kuti mgaiwa, umene ena amachita nawo manyazi pakabwera alendo, ndiwo uli kumbali yopambana.

Nthawi nayo ndi mbali ya muyezo. Usiku thumba limadzaza, ndipo ndulu ya m'mawa ndi imene imakhala yolemedwa kwambiri. Kafukufuku wa ku France mu 1981 ndi wa ku America mu 1991 anapeza kuti akazi amene ankatalikitsa nthawi kuchokera pa chakudya chamadzulo kufika pa chotsatira anali pa chiopsezo chachikulu. Munthu wodya 7 koloko madzulo, m'mawa n'kungomwa tiyi wopanda mkaka, n'kudzadya 1 koloko masana, thumba lake lakhala maola 18 osagwedezeka. Phala lothira nsinjiro m'mawa limadula nthawiyo. Liwiro la kuonda nalonso lili ndi malire ake. Roland Weinsier ndi anzake anawerengera mu 1995 kuti chiopsezo chimakwera kwambiri munthu akamataya makilogalamu oposa 1.5 pa sabata. Amene akuthamangira kulowa m'diresi la ukwati, kapena amene ayamba majakisoni atsopano ochepetsa thupi, ayenera kumva chiwerengero chimenechi, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali miyala ina imene zonsezi sizikuikhudza. Mwa odwala sickle cell, matenda amene alipo ndithu ku Malawi ndi ku Zambia, maselo ofiira a magazi amasweka msanga, bilirubin n'kuchuluka m'ndulu, ndipo pamabadwa timiyala takuda tolimba, nthawi zambiri munthu adakali mwana. Timeneti si ta cholesterol. Mgaiwa, mtedza kapena ursodeoxycholic acid sizingatisungunule, ndipo kumuletsa mafuta mwana amene thupi lake likulimbana kale ndi kukula n'kumupweteka kawiri. Mwana wa sickle cell akamadandaula pansi pa nthiti za kumanja, chofunika ndi sikani.

Mlangizi wabwino amadziwanso tsiku loti aike supuni pansi. Ululu ukapitirira maola angapo osaleka, thupi likatentha ndi kunjenjemera, maso akachita chikasu, mkodzo ukada chimbudzi n'kutuwa, kapena kusanza kukakana kuleka, nkhani yachoka m'khitchini ndipo munthu apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa amene ululu ukubwerezabwereza, chithandizo chokhalitsa ndi kuchotsa thumba lonse ndi miyala yake. Carl Langenbuch anachita zimenezi koyamba ku Berlin mu 1882, poona kuti kungochotsa miyala n'kusiya thumba lodwala kumabweretsa ina. Erich Mühe anayamba kuchita kudzera pa timabowo ting'onoting'ono mu 1985, ndipo kumene zipangizo zilipo wodwala amatuluka tsiku lomwelo kapena lotsatira.

Thumba likachoka, chiwindi chimapitiriza kupanga ndulu monga kale, kungoti tsopano imadontha m'matumbo pang'onopang'ono nthawi zonse. Ambiri amabwerera ku chakudya chawo chonse. Ena amatsegula m'mimba akadya zonona m'masabata oyamba, chifukwa ndulu yofika m'matumbo aakulu imakoka madzi. Kwa amenewa katswiri wa zakudya amabwezera mafuta pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, n'kuwonjezera phala, nyemba zophika bwino ndi nthochi, ndipo kutsegulako kukapitirira miyezi amawatumiza kwa dokotala, poti alipo mankhwala omanga mchere wa m'ndulu m'matumbo, monga cholestyramine.